Galimoto yaliwiro ikayamba kuterereka m'nyengo yozizira, yambani ndi matayala ndi marimu

Chaka ndi chaka, Novembala akalowa ku Ulaya ndi ku North America, eni magalimoto aliwiro amadandaula chinthu chimodzimodzi. Galimoto imene mu Julayi inkagwira msewu bwinobwino yayamba kupalasa ponyamuka pamaloboti. Pa raundabauti kumbuyo kukuthawira kumbali, ndipo kanyale kachikasu ka traction control, makina oletsa matayala kupalasa, kakungophethira pa dashibodi ngakhale moto mwauponda pang'ono. Ambiri amathamangira ku galaja kukaunikitsa kompyuta, ena amalipira alignment yowongola maimidwe a magudumu. Nthawi zambiri makaniko sapeza kanthu, chifukwa galimotoyo ilibe vuto. Vuto lili pa mpira umene yavala. Ife amene tinaphunzira chiwongolero kumene kuzizira kwenikweni ndi kwa Juni ku Dedza, lero tili ku Manchester, Dublin kapena Toronto, zimenezi zimatipeza osakonzeka.

Magalimoto ngati BMW M3, Golf R, Audi S3 ndi Civic Type R amachoka ku fakitale atavala matayala a nyengo yotentha, monga Michelin Pilot Sport 4S, Pirelli P Zero kapena Continental SportContact. Mpira wake anaupanga kuti uzimata ukatenthedwa. Kunja kukazizira kufika cha m'madigiri 7 kutsika m'munsi, mpirawo umayamba kuuma, ndipo kukafika pa ziro umakhala gwa ngati pulasitiki ya ndowa yakale. Tayala lolimba chonchi silithanso kulowerera m'timaenje ta phula, ndiye limangotsetsereka pamwamba. Sinowo asanagwe n'komwe, pamsewu wonyowa wa m'mamawa, mtunda woimira mukaponda mabuleki umakhala utatalika kale. Matayala a pabwalo la mpikisano ngati Pilot Sport Cup 2 ndiye oopsa kwambiri: kukazizira zedi, cha m'madigiri 7 pansi pa ziro, mpira wake umatha kung'aluka mukangoyendetsa galimoto, ndipo tayala long'aluka silikonzeka.

Musanachite chilichonse, gwadani pambali pa galimoto muwerenge m'mbali mwa tayala. Mukufunafuna kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kaduwa ka sinowo pakati. Kakakhalapo, tayalalo linayesedwa pa sinowo n'kupambana mayeso. Zilembo za M+S, zotanthauza matope ndi sinowo, pazokha musazidalire, poti wopanga amatha kuzilemba popanda mayeso aliwonse. Mukapanda kuona chilichonse mwa ziwirizi, mwapeza gwero la vuto lanu.

Pali bodza lina limene limagwetsa anthu ambiri m'ngalande, loti galimoto yokoka ndi matayala onse anayi sifuna matayala a chisanu. Makina otere, monga xDrive ya BMW, quattro ya Audi ndi 4Motion ya Volkswagen, amathandiza ponyamuka ndi pokwera chitunda basi. Poima, galimoto iliyonse imaima ndi matayala anayi, ndipo ngati anayiwo ndi ouma, Golf R imatsetsereka chimodzimodzi ndi kagalimoto kotchipa. Choipa n'chakuti poti yanyamuka mosavuta, woyendetsa amaganiza kuti msewu uli bwino, n'kuzadziwira pakona kuti unali woterera.

Chisanu cha kwanuko n'chotani?

Apa mpamene ndalama zambiri zimatayikira, chifukwa matayala a chisanu sali mtundu umodzi. Munthu amangomva kuti lakuti ndi labwino, osafunsa kuti wolitamayo amakhala kuti.

Alipo opangidwira chisanu cha pakati pa Ulaya, kumene masiku ambiri msewu umakhala wonyowa kapena wouma koma wozizira, sinowo n'kumabwera mwa apo ndi apo, ndipo anthu amathamangabe pamisewu ikuluikulu. Zitsanzo zake ndi Michelin Pilot Alpin 5, Pirelli Winter Sottozero 3 ndi Continental WinterContact TS 860 S. Amapezeka m'masaizi otambalala, m'mbali mwake ndi molimba, ndipo chiwongolero chimamvekabe ngati cha galimoto imene munagula. Kwa amene ali ku Germany, Netherlands, kumpoto kwa England kapena Scotland, ine ndingasankhe amenewa.

Ena ndi a kumpoto kwenikweni, kumene msewu umakhala ndi ayezi ndi sinowo wopondedwa kwa miyezi: Nokian Hakkapeliitta R5, Continental VikingContact 7, Michelin X-Ice Snow, Bridgestone Blizzak WS90. Mpira wake ndi wofewa kwambiri, ndipo mano ake anawachekacheka timing'alu tambirimbiri togwirira ayezi. Ku Winnipeg, Edmonton, Minnesota kapena mkati mwa Sweden, simungachitire mwina. Koma tayala lomweli mukalivalika BMW ya ku London, mudzalida. Pamsewu wonyowa wa madigiri 8 limaima mochedwa poyerekeza ndi anzake aja, pakona limapindika, ndipo galimoto yamphamvu imalidya msanga. Chimodzimodzinso kutembenuza: Pilot Alpin pa ayezi wa ku Quebec mu Januwale sizikwanira.

A misomali ndi nkhani ya malamulo a dera. Ku Germany ndi oletsedwa. Ku Sweden amaloledwa kuyambira pa 1 Okutobala mpaka pa 15 Epulo, ku Oslo mumalipira kuti muyende nawo mumzinda, pomwe ku Ontario amaloledwa kwa anthu a kumpoto kwa chigawocho. Pagalimoto yaliwiro yoyenda mumzinda sindiona chifukwa chowagulira.

Nanga a nyengo zonse? Amene ali ndi chizindikiro cha phiri chija, monga Michelin CrossClimate 2, ndi yankho labwino kwa munthu wa ku Dublin kapena kum'mwera kwa England amene alibe posungira marimu ena. Dziwani chabe kuti m'chilimwe galimoto idzataya kuthwa kwake kwina pakona, ndipo kuthwa kumeneko n'kumene munalipirira.

Mukasankha mtundu, onani manambala a kumapeto kwa saizi, monga 95V kapena 98Y. Nambalayo ndi katundu amene tayala linganyamule, ndipo isachepe kuposa imene wopanga galimoto analamula. Ngati panali XL, chizindikiro cha tayala lolimbitsidwa lonyamula katundu wochulukirapo, pakhalenso XL. Chilembocho ndi liwiro: T ndi makilomita 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240, W ndi 270, Y ndi 300. Matayala a chisanu kawirikawiri amakhala ndi chilembo chotsikirapo. Ku Germany zimenezi n'zololedwa, bola pakhale kapepala komata pamalo pamene woyendetsa akuona kapena chenjezo pa dashibodi lomukumbutsa liwiro losayenera kupitirira. Ngati saizi yanu ikupezeka ndi chidindo cha wopanga galimoto, kanyenyezi ka BMW, MO ya Mercedes, AO ya Audi kapena N ya Porsche, tengani imeneyo, makamaka pagalimoto yokoka ndi onse anayi.

Ndipo gulani anayi. Awiri okha kutsogolo, galimoto imazungulira pakona poti kumbuyo kulibe chogwira. Awiri okha kumbuyo, chiwongolero mumakhotetsa koma galimoto n'kumangopita patsogolo.

Rimu imasankhidwa poyambira pa mabuleki

Ndi bwino kukhala ndi marimu achiwiri a chisanu okhaokha. Kuvula ndi kuvalika matayala opyapyala pa rimu imodzi kawiri pachaka kumakanda marimu, kumatopetsa milomo ya tayala, ndipo ndalama za kusinthako zikaunjikana zimafika pamtengo wa marimu ena. Komanso marimu okongola a nkhope yosemedwa monyezimira, a diamond cut, sagwirizana ndi mchere umene amawaza m'misewu. Kamwala kakangoboola utoto woonekera wa pamwamba, madzi amchere amalowa pansi pake n'kuyamba kujambula timizere toyera tosachoka. Rimu ya chisanu ikhale ya utoto wamba, yosavuta kutsuka.

Langizo lakale ndi loti m'chisanu tsitsani rimu ndi inchi imodzi ndipo tayala lichepeko m'lifupi. Ndi langizo labwino. Tayala la khoma lalitali limameza maenje amene chisanu chimakumba mu phula, m'malo mopinda rimu, ndipo locheperako limacheka sinowo ndi matope a sinowo wosungunuka m'malo moyandama pamwamba. Ndi lotsikanso mtengo. Koma pagalimoto yaliwiro chimene chimalamula ndi caliper, chitsulo cha mabuleki chimene chimapana disiki kuseri kwa rimu. Rimu ya mainchi 18 ikhoza kukwana bwino pa 3 Series wamba n'kukana pa inzake ya mabuleki akuluakulu a M Sport. Ndipo si kukula kokha: marimu awiri a mainchi 18 amasiyana kapangidwe ka mkati ndi kapindidwe ka masipoko, wina n'kudutsa caliper, wina n'kukhula.

Njira yotsimikiza ndi kuyesa rimu isanavale tayala. Ikwezeni pa gudumu lakutsogolo, poti mabuleki aakulu ali kumeneko, mangani mabawuti awiri kapena atatu ndi dzanja, muizungulitse pang'onopang'ono mutaunika ndi tochi. Onani mpata pakati pa msana wa caliper ndi mimba ya rimu, komanso pakati pa nkhope ya caliper ndi masipoko. Pakhale mamilimita osachepera atatu, ndipo kumbukirani kuti timitovu ta balansi tomata mkati timadyanso mpata womwewo. Zimachitika ndithu kuti rimu yakwana, koma mutachoka kwa matayala mukumva kuti kwe, kwe, kwe, kamtovu kakugunda caliper mpaka kuthothoka. Muuzeni womanga matayala kuti amate timitovuto kumene caliper sifika. Wogulitsa akakana kuti muyese kapena kubweza, kagulani kwina.

Mukatsitsa rimu, kutalika kwa gudumu lonse kusasinthe. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Pa 225/40 R18, khoma ndi 40 pa 100 ya mamilimita 225, ndiye 90; makoma awiri ndi 180; mainchi 18 ndi mamilimita 457; zonse pamodzi 637. Pa 225/45 R17 mupeza 634, pa 205/50 R17 mupeza 637. Onsewa ndi apachibale. Ambiri amati kusiyana kusapitirire 3 pa 100, apo ayi sipidomita imanama ndipo ABS, makina oletsa magudumu kuuma poponda mabuleki, imasokonezeka. Pagalimoto yokoka ndi onse anayi, kusiyana kwa akutsogolo ndi akumbuyo kukhale kochepetsetsa, chifukwa gudumu lina likamazungulira mofulumira kuposa linzake tsiku ndi tsiku, chimene chimavutika ndi bokosi logawa mphamvu, ndipo kulikonza n'kodula kuposa matayala.

Magalimoto ambiri okankha ndi akumbuyo amakhala ndi matayala otambalala kumbuyo. Pa BMW 3 Series ya G20 mupeza 225/40 R19 kutsogolo ndi 255/35 R19 kumbuyo. M'chisanu anthu ambiri amavalika 225/45 R18 monsemo, ndipo ine ndimagwirizana nazo: kumbuyo kumagwira bwino mu sinowo, ndipo chaka chamawa mukhoza kusinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo kuti athere limodzi. Magalimoto a injini yakumbuyo ngati Porsche 911 ndi nkhani ina. Kumeneko tsatirani saizi zimene wopanga analemba, osapeka zanu. Saizi zovomerezeka zimakhala m'buku la galimoto kapena pakapepala ka pamphuthu pa chitseko.

Tsopano manambala amene anthu amagwa nawo pogula marimu ogwiritsidwapo kale pa intaneti. Woyamba ndi wa mabowo. BMW zakale zinali 5x120, kutanthauza mabowo asanu pa bwalo la mamilimita 120, za mitundu yoyamba ndi chilembo cha G zinasamukira ku 5x112, ndiye marimu a 3 Series yakale ya F30 salowa pa G20. Ford Focus ST ndi 5x108, Porsche 911 ndi 5x130, Toyota GT86 ndi Subaru BRZ ndi 5x100. Wachiwiri ndi bowo la pakati. Golf, Mercedes ndi BMW zatsopano zonse ndi 5x112, koma bowo la Golf ndi mamilimita 57.1 pomwe la zinazo ndi 66.6. Rimu ya Golf siingakhale pa Mercedes ngakhale mabowo a mabawuti akugwirizana. Ya Mercedes pa Golf imalowa, koma imafuna mphete yotsekera mpatawo. Wachitatu ndi ET, wolembedwa kuseri kwa sipoko. ET ikachepa rimu imatulukira kunja: kuchoka pa ET45 kupita pa ET35, pa rimu yofanana m'lifupi, ndi mamilimita 10 kulowera ku madigadi. Ikakula imalowera mkati, kufupi ndi caliper ndi shoko.

Chachinayi, chimene ine chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi, ndi mabawuti. Marimu a fakitale a Volkswagen, Audi ndi Mercedes amafuna bawuti la khosi lozungulira ngati mpira, pomwe a BMW ndi marimu ambiri a makampani ena amafuna la khosi losongoka. Mukamanga bawuti la khosi lolakwika, limagwira pakamzere kakang'ono chabe, sipanala n'kumamva ngati lalimba, koma pakapita masiku limamasuka. Funsani wogulitsa kuti rimuyo imafuna khosi lotani ndi kutalika kotani, ndipo mabawuti a marimu a chilimwe muwasunge padera m'kathumba kolembedwa.

Mwavalika, koma pali zachilendo

Chiwongolero chikamanjenjemera cha m'makilomita 90 mpaka 110 pa ola kuyambira tsiku loyamba, kayikirani zinthu zitatu: balansi, mphete ya pakati yosowa kapena yolakwika, ndi dzimbiri pamene rimu imakhudza chitsulo cha gudumu. Dzimbiri limenelo lichotseni ndi bulashi yawaya rimu isanakhale. Mabawuti amangidwe modumphitsa ngati nyenyezi, ndipo womaliza akhale sipanala yoyeza mphamvu, osati mfuti ya mpweya. Mphamvuyo imayezedwa mu Nm: Golf zambiri ndi 120 Nm, BMW za F ndi G ndi 140 Nm, koma onani buku lanu. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, mangitsaninso.

Kunjenjemera kukayamba mwadzidzidzi m'mawa wotsatira tsiku la sinowo, musathamangire ku galaja. Suzumirani mkati mwa rimu. Mupeza sinowo amene anasungunuka ndi kutentha kwa mabuleki, n'kutsikira pansi, n'kuundana usiku kukhala chibuluma mbali imodzi. Magalamu ochepa chabe amakwanira kugwedeza galimoto yonse. Chigumuleni ndi kamtengo kapena tsukani ndi madzi amphamvu, vuto latha. N'chifukwa chake marimu a masipoko ochepa, otseguka, amene dzanja limalowa, ndi abwino m'chisanu. Kugududza kumene kumamveka poyamba kenako n'kutha mukayenda makilomita angapo ndi tayala limene laphwatalala pamene linagonera usiku, likatenthedwa limabwerera.

Kanyale ka mpweya nako kamavutitsa. Mpweya wa m'tayala umatsika pafupifupi 0.1 bar kunja kukazizira ndi madigiri 10, ndiye mukapopa m'galaja yofunda n'kukaimika panja, mawa lake geji ionetsa zochepa. Yezani m'mawa, panja, musanayende. Ngati mpweya uli bwino koma nyale sikuzima, dziwani mtundu wa makina anu. Golf zambiri zilibe sensa m'matayala, zimawerengera kudzera pa ABS, ndiye mumangolowa pa sikirini n'kuiuza kuti isunge mpweya watsopano. Magalimoto ena ali ndi sensa pa valavu iliyonse, ndipo marimu achiwiri amafunanso masensa awo. Ku Ulaya masensa amalankhula pa 433 MHz, pomwe magalimoto ambiri a ku North America ndi 315 MHz, choncho otchipa ochokera kutsidya la nyanja akhoza kukhala osamva. Ku Britain, nyale imeneyi ikamaonetsa kuti makinawo ndi owonongeka, galimoto imene inayamba kuyenda kuyambira 2012 imalephera MOT, mayeso a pachaka oona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu.

Ena amadandaula kuti galimoto yafewa, chiwongolero chikuchedwa kuyankha. Pang'ono pokha ndi mmene ziyenera kukhalira, poti mano a tayala la chisanu ndi aatali ndi ochekedwa. Latsopano limatereranso makilomita mazana angapo oyambirira, mafuta a mu chikombole cha ku fakitale asanachoke. Koma zikapitirira, onani kamuvi kolembedwa m'mbali: matayala ambiri a chisanu ali ndi mbali yozungulirira, ndipo kamuviko kaloze kutsogolo. Likamangidwa chagada limakokera madzi pakati m'malo mowataya kunja. Kukhula pokhota kwambiri nthawi zina si rimu, ndi ayezi amene waundana kuseri kwa gudumu m'madigadi.

Pali malire amene tayala silingachotse. Galimoto yotsika imakankha sinowo ndi bampala, ndipo akazama imakhala pamimba, matayala ali m'malere. Matcheni nawo pamagalimoto ambiri aliwiro sakwana kuseri kwa gudumu, kupatula pa saizi yocheperako imene buku latchula. Ngati mumapita ku Alps, fufuzani zimenezi musanagule marimu.

Malamulo, mwachidule

Ku Britain ndi ku Ireland palibe lamulo lokakamiza, koma mukasintha saizi ya marimu, imbirani a inshuwalansi muwauze. Ku Germany lamulo limayendera mmene msewu ulili: pakakhala sinowo kapena ayezi muyenera kukhala ndi matayala a chisanu, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2024 amene amawerengedwa ndi a chizindikiro cha phiri okha. Chindapusa chimayambira pa mayuro 60 ndi pointi imodzi yachilango pa mbiri ya woyendetsa. Kumeneko rimu ya kampani ina imafunanso chikalata chosonyeza kuti ndi yovomerezeka pagalimoto yanuyo. Ku Quebec ndi kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ku Austria ndi pa 1 Novembala mpaka pa 15 Epulo msewu ukakhala wachisanu, ndipo mano asachepere mamilimita 4. Ku Sweden ndi pa 1 Disembala mpaka pa 31 Malichi msewu ukakhala wachisanu, mamilimita 3.

Mamilimita 4 a ku Austria aja atengeni ngati malire anu kulikonse kumene muli, ngakhale lamulo la kwanuko litalola 1.6. Pansi pamenepo tingalande sitigwiranso sinowo. Izi zikukhudzanso ogula matayala akale: onani manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT m'mbali mwa tayala, pamene 3821 akutanthauza kuti linapangidwa sabata ya 38 ya 2021. Tayala la chisanu likapitirira zaka zisanu ndi chimodzi limakhala litayamba kuuma ngakhale mano alipo, ndiye lidindeni ndi chikhadabo mumve ngati mpira ukubonyoka.

Gulani mu Seputembala kapena Okutobala. Masaizi a magalimoto aliwiro amabwera ochepa, ndipo sinowo woyamba akagwa amatha m'masitolo. Valikani m'mawa ukayamba kumakhala pansi pa madigiri 7 masiku otsatizana, vulani kukayamba kufunda mokhazikika, chifukwa kutentha kumadya mpira wofewawu mofulumira. Chimenechi n'chofunikanso kwa abale akumudzi amene amaitanitsa magalimoto ku Japan: ena amafika atavala matayala a sinowo, olembedwa kuti studless kapena Blizzak, mano ali bwinobwino. Pa phula lotentha la Okutobala matayala amenewo amachedwa kuima ndipo amatha msanga, choncho asintheni musanayambe maulendo ataliatali.

Povula, lembani ndi choko malo amene gudumu lililonse linali, tsukani mchere wonse mkati ndi kunja, liume. Matayala ali pa marimu agonekeni mosanjikiza kapena apachikeni. Opanda marimu aimikeni chilili n'kumawatembenuza mwa apo ndi apo. Malo ake akhale ouma, amdima, kutali ndi chotenthetsera nyumba ndi mafuta a galimoto. Ngati mumakhala m'fulati, malo ambiri ogulitsa matayala ku Germany, Scandinavia ndi Canada amasungira makasitomala pamtengo wa nyengo imodzi, ndipo ndi bwino kufunsa za malowo tsiku lomwe mukugula.